Masitandi a Timaliza

Tsiku lomaliza limene Mzime anawaona achimwene ake ali moyo, anangoona miyendo yokha. Inali itatulukira kunsi kwa pikapu yawo yakale, nsapato imodzi chingwe chili lende, ndipo mawu ankachokera pansi pa injini ngati munthu akuyankhula ali m'chitsime.

"Mphwanga, tandipatsira sipanala ya 17."

Linali Lamlungu masana, kuzizira kutangoyamba kumene. Mzime anali ndi chikwama kumsana, akuthamangira basi yobwerera ku koleji. Anachotsa sipanala pakhoma n'kuiika m'dzanja lakuda ndi girisi limene linatuluka kudzailandira. Khoma limenelo achimwene ankalinyadira kuposa malaya awo onse. Chida chilichonse anachijambulira mthunzi wake ndi penti yoyera, kuti chikasowa, malo ake azidandaula okha. Pakona, pa simenti, anajambulapo mabokosi awiri, malo a masitandi, zitsulo za miyendo itatu zija zimene zimachirikiza galimoto ikakwezedwa. Tsiku limenelo m'mabokosimo munali mbee. Pikapu inali pa jeki, mbali inayo atasanjikiza njerwa.

"Achimwene, masitandi ali kuti?"

"Kwa malume. Sabata yachitatu ino. Udzere konko popita, ukawauze kuti mwini wake watopa kugona pansi pa njerwa."

"Bwanji osadikira abwere kaye?"

"Ndi timabawuti tiwiri tokha, iwe. Thamanga, basi ikusiya. Ukadzabwera ku tchuthi udzaipeza ikulira iyi. Timaliza."

Mawu amenewo ndi amene anawapatsa dzina. Anali mphunzitsi wa masamu, koma akaweruka ankavula tayi n'kulowa m'galaja la kuseri kwa nyumba ya amayi, ndipo chilichonse ukawafunsa, yankho linali lomwelo. Mpaka amayi omwe ankati, "Kawaitane a Timaliza, tiyi akuzizira." Koma akati amalize chinthu, ankachimalizadi, ndipo ankachidinda: ankatenga ndodo yowotcherera n'kulemba tsiku pachitsulocho, kuti dzimbiri lokha ndilo lidzafufute. Geti la kunyumba linali ndi tsiku lake. Wilibala inali ndi tsiku lake. Ngakhale chopalira matope cha pakhomo.

Mzime anadzeradi kwa malume. Anawapeza pakhonde ndi anzawo atatu, akumenya makadi pa thabwa lobiriwira. Thabwalo linali litakhala pa masitandi awiri aja.

"Eee, Wakoleji! Bwera udzatiphunzitse kuwerenga, awa akundibera."

"Malume, achimwene akuti masitandi aja akuwafuna."

"Nanga tisewerere pansi ngati ana? Kamuuze kuti ndibweretsa ndekha madzulo ano."

Anzawo aja anaseka. Mzime anayang'ana masitandi, anayang'ana mimba ya malume imene inkagwedezeka ndi phwete, anamva basi ikuliza hutala kumsewu. Mwana woleredwa bwino sagwetsa tebulo la akuluakulu. Anati, "Chabwino, malume," n'kuthamanga.

Mawa lake madzulo jeki inafooka, njerwa zinanyenyeka ngati buledi wouma, ndipo amene anawapeza achimwene ndi amayi, atanyamula kapu ya tiyi.

Pamaliro Mzime sanalire kwambiri. Chimene chinamuumitsa misozi anachiona tsiku loika. Anthu atabwerako, amuna angapo analowa m'galaja kukaona malowo, monga anthu amachitira, ndipo amene ankawatsogolera anali malume. Mzime anaima pakhomo. M'mabokosi awiri a penti aja munali masitandi, ataima bwinobwino ngati sanachokepo.

"Taonani," anatero malume, akupukusa mutu. "Zitsulo zake si izi? Zili pompa. Koma ana a masiku ano, phuma. Munthu wophunzira, wophunzitsa ana a eni, n'kulowa pansi pa galimoto ndi jeki yokha? Ine ndinkamuuza."

Amuna aja anadandaula nawo. Wina anati kusasamala kulibe mankhwala. Pofika kumapeto a sabata, msewu wonse unkadziwa kuti Timaliza anadzipha yekha ndi ulesi wosafuna kuyenda mapazi anayi kukatenga masitandi. Ana a sukulu amene anabwera ndi maluwa nawonso anamva zomwezo.

Mzime anawauza amayi zonse, za khonde, za makadi, za thabwa. Anawaonetsa ngakhale penti yobiriwira imene inatsalira pamutu pa sitandi imodzi. Amayi anayang'ana kumbali.

"Ndaika mwana, ukufuna ndiikenso mlongo wanga ali moyo? Amene wayendetsa maliro onsewa ndani? Penti ndi penti, mwanawe. Mkulu wako anali ndi zitini zingati za penti muno?"

"Amayi, ndinaona ndi maso angawa."

"Ndiye unawasiyiranji?"

Sanafunse mwaukali. Anangofunsa, n'kubwerera kukhitchini. Koma funsolo linamutsatira Mzime mpaka ku koleji. Anakhalako masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi mphunzitsi ankalemba pabolodi za kulemera kumene chitsulo chingasenze chisanapindike, ndipo Mzime anatseka kope, anatuluka, osabwereranso. Mabuku anawasiyira mnzake wogona naye chipinda chimodzi.

Miyezi yonse yozizira anaithera m'galaja, atavala ovolosi ya achimwene yopinda miyendo kawiri. Ntchito zosamalizidwa zinali mbwee. Panali njinga yamoto imene injini yake inali m'beseni losambira, zidutswa zake zili m'zitini za mkaka zolembedwa ndi choko. Panali mpando wogwedera wa amayi, wopanda chotsamira. Panali kompuresa yopopera mpweya imene achimwene ankapanga ndi mota ya firiji yakufa, ndi kangolo kokoka ndi njinga kokhala ndi tayala limodzi. Jeki ija nayo inali pa benchi, ikudikira labala yatsopano, chifukwa inkatsika yokha pang'onopang'ono ukaisenzetsa katundu. Ndiye pakati pa zonsezi, pikapu, itafundidwa lona ngati nayo yaferedwa.

Mzime ankayamba ichi m'mawa, pofika masana ali pa icho. Akatsuka mapisitoni a njinga, ankakumbukira kuti mpando ukufuna guluu. Guluu asanaume, anali atamasula kale kompuresa. Sikuti ntchito inkamukanika. Kungoti chinthu chikayandikira kutha, manja ankachita dzanzi, chifukwa chikatha chimafuna tsiku, ndipo wolemba masiku anali atapita. M'chitini china anapezamo kapepala ka dzanja la achimwene: "Iyi njinga ndi ya mphwanga akamaliza sukulu. Asadziwe." Tsiku limenelo sanagwire kanthu. Anakhala pa ndowa yovundikira mpaka amayi anabwera kudzamuitana kuti akadye.

Kuwotcherera ndiko kunkamuvuta. Achimwene ankati akaona msoko wake, ankaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, izi si zowotcherera, izi ndi zitosi za nkhuku. Usadzakhalire mpando umene wawotcherera wekha." Tsopano ankaphunzira yekha pa zidutswa, chigoba chowotcherera chili kumaso, ndipo zitosi zija zinkachepa koma sizinkatha.

Kenako kuzizira kunayamba kugonja. Mtengo wa pichesi wa kuseri kwa galaja unachita maluwa usanatulutse tsamba n'limodzi lomwe, njuchi zili ng'waa kuyambira m'mawa. Zala zinasiya kuuma pogwira sipanala. Anamzeze awiri anayamba kumata chisa pa mtanda wa denga, pamwamba penipeni pa pikapu, ndipo Mzime ankasiya chitseko chotsegula kuti azilowa. Anansi anatulutsa mabulangete kudzayanika. Dziko lonse linkaoneka ngati laiwala, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa chisanu.

Ndi nyengo imeneyo imene inawabweretsa malume. Anafika Lachiwiri, atavala malaya a maluwa, anadya, anatsuka m'kamwa, kenako analowa m'galaja akutokosa m'mano. Anakweza lona ndi nsonga ya nsapato.

"Wakoleji, sukulu yakukana, eti? Palibe kanthu, si onse a mabuku. Nanga galimoto iyi izingodyedwa ndi dzimbiri? Ndayankhula ndi mayi ako. Uimalize, ndiziyendetsa ine. Kunja kwacha uku, anthu akufuna kunyamulitsa mbande, manyowa, mchenga. Ndiziwathandiza nayo mayi akowa."

"Amayi avomera?"

"Akane chiyani? Malemu akanakhala womvera, bwenzi akuyendetsa yekha."

Mzime anali atagwira hamala nthawi imeneyo. Anaiyang'ana, n'kuibwezera pa mthunzi wake pakhoma, mosamala, mpaka inakhala ndendende m'mizere ya penti.

"Yatsala giyabokosi, malume. Koma ndi ntchito ya anthu awiri. Wina agwire nati pansi, wina amange bawuti m'kabini. Mubwere Loweruka m'mawa."

"Ine? Pansi?"

"Ndingaitane makaniko wa kumsika, koma adzanena kuti galimoto anaidzutsa ndi iye. Paja inu munayendetsapo malole."

"Zaka khumi ndi ziwiri!" anatero malume, chifuwa chili patsogolo. "Giyabokosi ndinkaitsitsa ndekha pamsewu, mvula ikugwa. Mutu umodzi susenza denga, mphwanga. Ndibwera."

Kwa masiku atatu Mzime sanakhudze njinga, kapena mpando, kapena kompuresa. Koyamba chimwalirire achimwene anagwira ntchito imodzi yokha. Anadula zitsulo zimene zinatsala pa geti, n'kupanga kabenchi kachitsulo ka miyendo inayi, kotalika mokwanira kulowa mopingasa pansi pa chasisi, zitsulo zapansi zimene zimasenza galimoto yonse, koma kofupikirapo ndi zala zitatu poyerekeza ndi masitandi. Anayeza katatu, monga ankachitira mphunzitsi wa masamu. Anawotcherera mfundo zisanu ndi zitatu. Zina zinatuluka zosalala, zina zinali zitosi zomwe zija.

Achimwene sankakhulupirira chitsulo asanachiyese. Ankachimenya ndi hamala yaikulu, ankachikwera, ankachisenzetsa injini n'kuchisiya tsiku lonse. Mzime ananyamula hamala yaikuluyo Lachisanu masana, anaima pamwamba pa kabenchi kaja nthawi yaitali, njuchi zikulira kunja. Kenako anaibwezera pakhoma. Sanakayese. Anaganiza kuti ngati msoko wake ugwire, ugwire wokha, ndipo ngati ukane, ukane wokha. Iye sadzapempherera mbali iliyonse. Anangotenga ndodo yatsopano, anatsitsa chigoba, n'kulemba tsiku pa mwendo wakutsogolo. Silinali tsiku lomaliza ntchitoyo.

Loweruka kunacha bwino mochititsa manyazi. Mzime anakweza pikapu kutsogolo, anaikhazika pa masitandi awiri aja, anachotsa matayala. Kabenchi anakalowetsa pansi pa chasisi n'kukaphimba ndi chiguduli chakuda ndi oyilo, kuti kazioneka ngati mulu wa nsanza. Jeki anaisiya pomwepo pansi pa mphuno ya galimoto, labala yake yakale yomwe ija.

Malume anafika atavala ovolosi imene inakana kutsekeka pamimba. Anagwedeza sitandi imodzi ndi phazi, anagwedeza inayo.

"Ehee. Ukuona? Umu ndi mmene amachitira anthu. Mkulu wako akanatere, bwenzi tili naye."

"Katoni ndayala kale, malume. Mutu ulowere uku."

Kulowa kwake inali ntchito. Anagona chagada, anadzikoka ndi zigongono, akubuula, akutukwana amene anapanga magalimoto aafupi. Mimba inadutsa chasisi mochita kupempha. Pomaliza kunja kunatsala miyendo yokha, ndipo Mzime anayang'ana kumbali kanthawi, chifukwa miyendo yotuluka pansi pa galimoto imafanana yonse.

"Nati ndaipeza! Manga, Wakoleji!"

Mzime sanalowe m'kabini. Anagwira mpini wa jeki n'kupopa. Galimoto inakwera pang'ono, inachoka pa masitandi. Anakoka yakumanja, chitsulo chinalira pa simenti. Anazungulira, anakoka yakumanzere. Anazinyamula zonse ziwiri n'kukaziimika m'mabokosi awo a penti pakona.

"Ukutani kodi? Iwe, ukutani?"

"Ndabwereka masitandi, malume. Ndibweza madzulo ano."

Zidendene za malume zinayamba kupalasa simenti.

"Musavutike," anatero Mzime, atakhala pa ndowa, dzanja lili pa mpini. "Polowa munatenga nthawi yaitali bwanji? Jeki iyi imatsika yokha. Ndi yomwe ija, sindinaikonze. Ndikamapopa, imagwira. Mukayamba kutuluka, ndisiya, ndipo ikupezani muli pakati. Tamverani."

Anachotsa dzanja. M'galajamo munamveka kaphokoso kakang'ono, ngati mwana akuyamwa mano, ndipo mphuno ya pikapu inayamba kuwerama. Malume anakuwa. Mzime anapopa kawiri, galimoto inabwerera.

"Mwana wa mlongo wanga! Wapenga? Ndine malume ako ine! Ndinakunyamula uli khanda, unandikodzera pa malaya!"

"Achimwenenso munawanyamula."

"Mlongo! Mlongo wanga! Bwera kuno, mwana wako wazungulira mutu!"

"Itanani ndithu. Ndi amene tikuwadikira."

Amayi anabwera akuthamanga, m'manja muli thovu la sopo. Anaima pakhomo pomwe anaima tsiku lija ndi kapu ya tiyi. Anaona miyendo, anaona jeki, anaona masitandi ali pakona, ndipo nkhope yawo inachita ngati yathiridwa phulusa.

"Mzime. Mwanawe. Usatero."

"Musayandikire, amayi. Mukandigwira dzanja, jeki itsika. Malume ali ndi mawu akufuna akuuzeni. Malume, tsiku limene achimwene anamwalira, masitandi anali kuti?"

"Anali pompo! Pakona pompo! Aliyense anaona!"

Mzime anachotsa dzanja pa mpini n'kulipinda pachifuwa. Kaphokoso kaja kanayambanso. Namzeze mmodzi analowa ndi dothi kukamwa, anazungulira, anatuluka. Amayi anagwira chitseko ndi manja onse awiri.

"Popa! Popa, mwana iwe! Chitsulo chandigunda!"

"Anali kuti?"

"Kwathu! Anali kwathu!"

Anapopa kamodzi kokha. "Ankatani kwanuko? Kwezani mawu, amayi makutu anayamba kuvuta."

"Tinaikapo thabwa. Pakhonde. Tinkasewererapo makadi."

"Anakupemphani kangati?"

"Sindikumbuka. Kawiri. Katatu! Anaimba foni katatu, ndiye unabwera iwe."

"Ndiye anabwerera bwanji muno?"

Apa malume anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu, konyansa kumva. Mawu ankatuluka oduka. Anati atamva uthenga anachita mantha. Anati anawakulunga m'thumba, anawabweretsa m'mawa wa tsiku loika, anthu ali kutsogolo kwa nyumba. Anati sankafuna kunena zija ananena, pakamwa panangoyamba pokha, ndipo atanena kamodzi sakanathanso kubweza.

"Ndiye Timaliza anali wosasamala?"

"Ayi."

"Anali waulesi? Waphuma?"

"Ayi! Anandipempha. Mwana anandipempha, ine ndinati mawa. Mlongo wanga, ndikhululukire. Ndinati mawa."

Amayi anatsetsereka ndi chitseko mpaka anakhala pansi, miyendo ili tambalale ngati kamtsikana. Sanayang'ane pansi pa galimoto. Ankayang'ana mabokosi a penti pakona.

"Miyezi inayi," anatero, mawu ali pansipansi. "Miyezi inayi ndakhala ndikumukalipira mwana wanga m'manda. Ndikadzuka ndimati, unafulumiriranji, chitsiru iwe. Ndipo inu mumabwera kudzadya pano." Anapukuta manja pa chovala chawo, thovu linali litauma kale. "Wamva, Mzime. Ndamva nanenso. Unanena zoona, ine ndinakutsekera khutu. Tsopano bwezera zitsulozo, atuluke, azipita."

Mzime anadikira kuti mtima wake upepuke. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti mawu amenewo akadzatuluka, chinthu chimene chinakhala pachifuwa pake chidzanyamuka. Sichinanyamuke. Ankangoona dzanja lakuda ndi girisi likutuluka kudzalandira sipanala, ndi iye mwini pakhonde paja akunena kuti chabwino, malume. Achimwene analibe wowapopera jeki. Analibe wowafunsa mafunso. Anamva kaphokoso komweka ali okhaokha, mwina anaitana, ndipo panthawiyo wina anali akugawa makadi, wina ali m'kalasi akulemba manotsi.

"Achimwene anamva mpaka pamapeto," anatero. "Nawonso amve."

Anaimirira, n'kuchoka pa jeki.

Amayi anakuwa dzina lake. Anayesa kudzuka, mwendo unakana. Pansi pa galimoto malume anasiya kutchula anthu, anayamba kutchula Mulungu, kenako anasiya n'zomwezo, kunangotsala kupuma. Pikapu inatsika chala chimodzi. Inatsika chachiwiri. Mzime anaima manja ali m'matumba a ovolosi ya achimwene, maso ali pa chiguduli chija, ndipo m'mutu mwake ankawerenga mfundo zisanu ndi zitatu, iyi yosalala, iyi ya zitosi, iyi sakukumbuka. Pa chala chachitatu ndi pamene anadziwa chimene ankafuna, mochedwa, mpini uli kutali: ankafuna kuti msoko ugwire.

Chasisi inakhala pa kabenchi ndi kugunda kumene kunagwetsa dothi la chisa kuchokera kudenga. Chitsulo chinalira, kulira kwautali ngati geti losathiridwa oyilo. Penapake panathetheka kanthu, kamodzi. Mwendo wakumbuyo wa kabenchi unatagalala pang'ono, n'kuima.

Msoko unagwira.

Njuchi zinkamveka kunja. Kuchokera pansi pa galimoto kunatuluka kamtsinje kopyapyala, kakuyenda pa simenti kulowera kukhomo, ndipo sikanali ka oyilo.

Mzime anagwada, anakoka chiguduli chija n'kuchitaya kumbali. Giyabokosi inali itakhudza batani la ovolosi ya malume, osapitirira. Maso awo anali otseguka, akuyang'ana chitsulo chimene sanadziwe kuti chilipo.

Amayi anafika pamene anagwada Mzime, akukwawa ndi mawondo. Anaona kabenchi, anaona misoko yake yokhotakhota, ndipo anazindikira dzanja lake, poti zitosi zimenezo anazimva zikusekedwa kambirimbiri pa tebulo.

"Unakayesa?" anafunsa.

Mzime akanatha kunama. "Ayi, amayi."

Anamumenya mbama imodzi, ya dzanja lonse, yoyamba chikulire. Kenako anamugwira kolala ya ovolosi, pamene panali dzina la sukulu ya achimwene, n'kuikapo chipumi chawo. Sanamukhululukire, ndipo iye anadziwa kuti pa tebulo la m'nyumbamo padzakhala chete wa mtundu wina kwa nthawi yaitali. Atadzuka anayankhula moyang'ana kukhomo.

"Alongo, mukatuluka mudzere kuseri. Lolemba mupite kusukulu kwake, mukanene pamaso pa aphunzitsi anzake zimene mwanena pano. Mukatero mudzayambe msewu uno, khomo ndi khomo. Pakhomo panga pokha musagogode."

Anatuluka. Mzime anamva chitseko cha kukhitchini chikutsekedwa, mosamenyetsa.

"Nditulutse," ananong'ona malume. "Chonde, mphwanga. Kweza."

"Ndikweza. Masitandi ndibwezeranso, ine sindisunga za eni mpaka sabata zitatu." Anaika dzanja pa mpini wa jeki. "Koma galimoto iyi simudzaikwera, ngakhale kumbuyo. Ndiimaliza ndekha. Tembenuzani mutu kumanzere. Mwendo wa kabenchi uli pamphuno panuwo, mukuuona?"

"Ndikuuona."

"Achimwene chilichonse chikatha ankachilemba tsiku. Ichi ndi choyamba kumaliza ine, ndiye ndalembapo tsiku limene iwo anathera pamalo mwagonapo. Pamaliro munalankhula zambiri, koma sindinakumveni mukulitchula. Werengani."

Malume anatembenuza mutu movutika, tsaya likukhula katoni yonyowa. Zilembo zinali zokhota, zonenepa mbali ina, koma zinkawerengeka. Milomo yawo inayenda kawiri popanda mawu.

"Mokweza, malume."

"Pa 19 Meyi."